Ntchito ya makina a ultrasound pofufuza matenda

Ultrasound ndi njira younikira m'kati mwa thupi pogwiritsa ntchito mafunde a phokoso lomwe khutu la munthu silingamve. Khutu limalekezera pa mafunde pafupifupi 20,000 pa sekondi, pomwe makina a m'chipatala amatulutsa mafunde oyambira 2 miliyoni kufika pafupifupi 18 miliyoni pa sekondi.

Woyeza amapaka mafuta oterera pakhungu pofuna kuchotsa mpweya, kenako n'kuyendetsapo kachipangizo kogwira m'manja. Kachipangizoka kamatumiza mafunde m'thupi ndi kulandiranso omwe abwerera atagunda chiwalo, monga momwe mawu amabwererera munthu akafuula pafupi ndi phiri. Poti phokoso limayenda mamita pafupifupi 1,540 pa sekondi m'minofu, kompyuta imawerengera kuya kwa chiwalocho ndi kuonetsa chithunzi chake nthawi yomweyo.

Njirayi inakhazikika m'zaka za m'ma 1950. Mu 1953, Inge Edler ndi Hellmuth Hertz anaunika nayo mtima mu mzinda wa Lund ku Sweden. Mu 1958, Ian Donald, John MacVicar ndi Tom Brown a ku Glasgow analemba m'magazini ya The Lancet za momwe anaunikira zotupa za m'mimba. Brown sanali dokotala koma injiniya, ndipo zoyesera zoyambirira anazichita ndi makina ofufuzira ming'alu m'zitsulo.

Anthu ambiri amaidziwa ultrasound kudzera kusikelo ya amayi oyembekezera. Makinawa amaonetsa ngati mwana ali moyo, ngati ndi mapasa, momwe wagonera, komanso ngati nsengwa yatseka khomo la chiberekero, vuto lomwe limachititsa mayi kutaya magazi ambiri. Amathandizanso kupeza mimba yomwe yakhala kunja kwa chiberekero isanaphulike.

Koma ntchito yaikulu kwambiri, ngakhale siitchulidwa kawirikawiri, ndi yodziwitsa msinkhu weniweni wa mimba. Mu 2016, bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linalangiza kuti mayi aliyense woyembekezera aziunikidwa kamodzi mimba isanakwane masabata 24. Ikadutsa pamenepo, ana amakula mosiyana ndipo kuwerengera kumaphonya ndi masabata angapo. Nkhaniyi imakhudza kwambiri dziko la Malawi, lomwe lipoti la Born Too Soon la mu 2012 linaliika patsogolo pa maiko onse, ndi ana 18 mwa 100 aliwonse obadwa masiku asanakwane. Jekeseni wokhwimitsa mapapo a mwana amaperekedwa kwa mayi yemwe akuoneka kuti achira masiku asanakwane, pakati pa sabata ya 24 ndi ya 34, ndipo WHO imati aperekedwe pomwe msinkhu wa mimba ukudziwika bwino. Choncho mayi wochedwa kuyamba sikelo amataya mwayi womwe makina sangaubweze.

Kupatula uchembere, madokotala amaunika chiwindi, kapamba, impso, chikhodzodzo ndi miyala ya m'ndulu. M'madera a m'mbali mwa nyanja momwe likodzo ndi lofala, makinawa amaonetsa momwe matendawa aonongera chikhodzodzo ndi impso. Pa mtima amaonetsa zotsekera magazi zomwe zinaonongeka kaamba ka matenda a pakhosi osachizidwa paubwana. Munthu akavulala pangozi yapamsewu, mphindi zochepa zimakwanira kuona ngati magazi akutayikira m'mimba, ndipo dokotala amagamula zopita naye kuchipinda cha opaleshoni.

Palinso njira yotchedwa FASH, yomwe inayambira ku KwaZulu-Natal m'dziko la South Africa, ndipo imagwiritsidwa ntchito m'zipatala zina za m'Malawi. Woyeza amafufuza madzi ozungulira mtima ndi mapapo, mwanabele wa m'mimba ndi timabala ta m'kapamba mwa anthu omwe ali ndi kachilombo ka HIV, zomwe zimalozera ku chifuwa chachikulu cha TB chomwe sichipezeka m'makhololo.

Mosiyana ndi X-ray ndi CT, ultrasound ilibe cheza choononga maselo, n'chifukwa chake imaloledwa kwa amayi apakati ndi makanda. Komabe mafunde ake sadutsa bwino m'fupa ndi m'mpweya, motero ubongo wa munthu wamkulu ndi m'kati mwa matumbo sizioneka bwino. Chotupa chikaoneka, kutsimikiza kuti ndi khansa kumafunikabe kudula kanyama ndi kukayeza ku labotale.

Kwa okonza bajeti ndi ogula zipangizo za boma, mfundo yofunika ndi yakuti chithunzi cha ultrasound chimadalira luso la woyeza kuposa momwe zilili ndi X-ray, poti iyeyo ndiye amasankha poloza ndi kumasulira zomwe akuona. Masiku ano kuli makina ang'onoang'ono oyendera batire omwe amalumikizidwa ku foni, ndipo mtengo wake ndi wotsika poyerekeza ndi akale. Koma mtengo wa makinawo sutengera maphunziro a azamba ndi ma clinical officer, mafuta opaka, magetsi otchajira, kapena kusintha kachipangizo kogwira m'manja, komwe kamasweka msanga kakagwa pansi.