Andrei Chikatilo, wakupha wa ku Rostov

Andrei Chikatilo, yemwe adakhalapo mphunzitsi, ankapha amayi ndi ana makamaka m'dera la Rostov ku Russia kuyambira 1978 mpaka 1990. Ankawanyengerera pamalo okwerera sitima ndi mabasi n'kukawaphera m'nkhalango.

Apolisi adamugwira mu 1984, koma atamuyeza magazi adati si iye. Adagwidwanso mu Novembala 1990. Mu 1992 adazengedwa mlandu ali m'khola lachitsulo, ndipo khoti lidamupeza wolakwa pa imfa za anthu 52. Boma lidamupha ndi mfuti pa 14 Febuluwale 1994.

Komatu mu 1983 boma lidali litapha kale munthu wina, Aleksandr Kravchenko, pa imfa ya mtsikana wa zaka 9. Pambuyo pake Chikatilo adavomera kuti adapha mwanayo ndi iye.