Mzere wa $1,200: makina a poker ndi wamsonkho ku Nevada

M'chaka cha 1931, pamene dziko la America lidali m'kati mwa umphawi waukulu umene udatseketsa mafakitale ndi kugwetsa mabanki, padachitika zinthu ziwiri zimene anthu a masiku amenewo sadaganize kuti n'zapachibale: m'mwezi wa Malichi boma la Nevada, chigawo cha chipululu ndi migodi, lidaloleza juga kuti ikhale malonda ovomerezeka; ndipo m'mwezi wa Okutobala bwalo la milandu ku Chicago lidapeza Al Capone wolakwa pa mlandu wozemba msonkho, ngakhale kuti anthu ankamunenera zoopsa zoposa pamenepo. Bwalo lalikulu la dzikolo lidali litagamula kale, mu 1927, kuti ngakhale chuma chopezeka mwa njira zokhota chiyenera kukhoma msonkho. Chotero za ndalama ya juga panalibe chokayikitsa: Kaisara adali nalo gawo lake m'menemo. Chimene chidasautsa amisonkho kwa zaka zambiri ndicho kudziwa amene wapambana, pakuti munthu wodya anzake pa njuga sakwera pachulu kukalengeza.

Makina otchovera poker ndi akale kuposa Las Vegas yemwe. Mu 1891 kampani ya Sittman and Pitt ya ku Brooklyn idapanga chipangizo cha ng'oma zisanu zozungulira, chokhala ndi makadi 50 m'malo mwa 52, ndipo awiri ochotsedwawo adasankhidwa mochenjera kuti dzanja lopambana onse lisoweresowere. Mphotho yake inkakhala mowa kapena ndudu, yoperekedwa ndi mwini bala. Zaka zidapita, makina a mkono umodzi a Charles Fey wa ku San Francisco adatenga ufumu, ndipo poker idabwerera ku tebulo, kufikira padadzuka munthu wina wobadwira ku Mississippi, William Redd, amene anzake ankamutcha Si. Iyeyu, atagulitsa makina a kampani ya Bally kwa nthawi yaitali, adayamba malonda akeake pansi pa dzina la SIRCOMA, ndipo mu 1979 adatulutsa Draw Poker, makina oonetsa makadi pagalasi ngati la wailesi ya kanema. Kampaniyo idasanduka International Game Technology mu 1981.

Kasewereredwe kake n'kosavuta kufotokoza. Makina amagawa makadi asanu; munthu amasunga amene wawakonda nataya otsalawo, makina n'kumupatsa ena m'malo mwake, ndipo dzanja limene latsala limalipidwa monga mwa mndandanda wolembedwa poyera pagalasi. Popeza malamulo a Nevada amafuna kuti makadi ojambulidwawo agwe monga agwera makadi enieni 52 osakanizidwa bwino, aliyense wodziwa masamu angathe kuwerengera, kuchokera pa mndandanda wokhawo, kuchuluka kwa ndalama zimene makinawo adzabweza. Masewera a Jacks or Better olipira, pa khobidi lililonse lobetchedwa, makobidi 9 pa full house ndi 6 pa flush amabweza 99.54 pa 100 iliyonse kwa munthu wosaphonya. Akatsitsidwa kufika pa 8 ndi 5 amabweza 97.30 yokha. Ichi ndicho chidakopa nzika za Las Vegas, operekera zakudya m'mahotela, oyendetsa matakisi ndi okalamba opuma pantchito, amene adadzaza nyumba za juga zotalikira msewu wa alendo, monga Sam's Town ndi Palace Station. Kwa nthawi yoyamba munthu wamantha, amene sakadalimba mtima kukhala patebulo pamaso pa akatswiri, adatha kusankha khadi yekha popanda womuseka.

Koma makinawa adabadwa lamulo litawatsogolera. Mu 1977, zaka ziwiri Draw Poker isanaoneke, nthambi ya msonkho ya boma lalikulu, yotchedwa IRS, idakhazikitsa kuti munthu akapambana $1,200 kapena kuposerapo pa kubetcha kumodzi pa makina, nyumba ya juga ilembe chikalata chotchedwa W-2G, china chipite kwa wopambanayo, china kwa amisonkho. M'masiku amenewo ndalama yotere idali yaikulu, yogwa mwa kamodzikamodzi. Pamenepo padayambira mwambo umene aliyense wolowa m'kasino ya ku America waupenya: makina amaima osalolanso kanthu, nyali imayaka pamwamba pake, kanyimbo kamalira, ndipo wopambana amakhala chidikirire mpaka wantchito atabwera kudzamufunsa chiphaso ndi nambala yake ya boma, nadzamuwerengera ndalamazo m'dzanja. Wopanda nambalayo amadulidwa 24 pa 100 iliyonse pomwepo. Mlendo wakunja amadulidwa 30, pokhapokha dziko lake likhale pa pangano la msonkho ndi America, monga ziliri Britain ndi South Africa.

Tsono taonani mmene nambala imodzi idaumbira masewera onse. Dzanja lalikulu, royal flush, limagwa pafupifupi kamodzi pa manja 40,000, ndipo limalipira makobidi 4,000 kwa amene wabetcha makobidi asanu. Pa makina a masenti 25 ndalamayo imakwana $1,000, imene idali kunsi kwa mzere. Ndipo ine ndiyesa kuti kutchuka kwa makina a masenti 25 pakati pa nzika za mzindawo, ngakhale kudachokera makamaka ku kuchepa kwa matumba awo, kudathandizidwanso ndi mtendere wopambana popanda kufunsidwa dzina. Wokwera kufika pa masenti 50 ankadziwa kuti royal yake ya $2,000 idzabwera ndi chikalata. Wa dola imodzi, $4,000, chimodzimodzi. Walira mvula walira matope, ndipo ambiri adavomereza matopewo, popeza royal siichitika kawirikawiri.

Nkhani idavuta pamene masewera adachuluka mitundu. Deuces Wild, m'mene makadi a nambala 2 amaimira khadi lililonse, pa mndandanda wake wathunthu amabweza 100.76, ndiye kuti wosewera wosaphonya amaposa mwini nyumba. Ndipo makadi anayi a 2 amalipira makobidi 1,000, amene pa makina a dola adali kudutsa mwakachetechete. Double Double Bonus, amene anthu ambiri amawakonda chifukwa cha mphotho zake zonona, amalipira makobidi 2,000 pa ma ace anayi otsagana ndi 2, 3 kapena 4, komabe pa mndandanda wa 9 ndi 6 amabweza 98.98 yokha, ndipo amatha kuumitsa thumba kwa maola ambiri mphothoyo isanaoneke. Wosewera pa dola adali kusankha, tsono, pakati pa masewera ofatsa obweretsa chikalata pa royal yokha, ndi masewera aukali obweretsa zikalata zingapo pa chaka. Kwa olemera mzerewo udasanduka chopunthwitsa cha ola lililonse: pa Jacks or Better wa $10, makadi anayi ofanana amalipira $1,250, ndipo dzanja limeneli limagwa pafupifupi kamodzi pa manja 420, pamene wozolowera amasewera manja 600 pa ola osatuluka thukuta.

Eni nyumba za juga, amene makina oima amawapweteka mtima kuposa wina aliyense, adapeza nzeru zawo. Padaoneka makina a mkono umodzi a mphotho ya $1,199. Pa poker ya $5, pamene straight flush ya makobidi 250 imakwana $1,250, ena adatsitsa malipirowo kufika pa makobidi 239, ndiwo $1,195, kuti dzanjalo lipite pansi pa mzere ngati mbewa yodutsa kunsi kwa chitseko. Ndipo osewera ambiri adakondwera kutaya $55 pa dzanja losowa chotero posinthanitsa ndi kusaimitsidwa. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, Ernie Moody atayambitsa Triple Play, m'mene munthu amasewera manja atatu pamodzi, kenaka n'kudzabwera a manja khumi, makumi asanu ndi zana, padaoneka chodabwitsa china: popeza lamulo limawerenga ndalama yotuluka osachotsapo imene yabetchedwa, munthu wobetcha $1,250 n'kubwezeredwa $1,250 yomweyo ankalandira chikalata chonena kuti wapambana, iye asanapindule ngakhale senti imodzi.

Pano pafunika kunena mosabisa kuti chikalatacho sindicho msonkho. Lamulo limafuna kuti ndalama yonse yopambana ilembedwe pa fomu ya chaka, kaya wantchito adabwera ndi pepala kaya sadabwere. Ndipo munthu amene adasiya makina a 9 ndi 6 nakakhala pa a 8 ndi 5 kungoti athawe pepalalo adadzikhometsa yekha msonkho wina woposa 2 pa 100 iliyonse ya ndalama zonse zodutsa m'makinawo, msonkho wopita kwa mwini kasino, umene ulibe tsiku lobwezedwa. Pa manja 600 a $1.25, kusiyanako kumayandikira $17 pa ola. Uku n'kupusa, ndipo alembi a mabuku a masewerawa, onga Lenny Frome, Jean Scott ndi Bob Dancer, adathera zaka zambiri akuphunzitsa anthu kuyang'ana mndandanda wa malipiro asanaponye khobidi.

Komabe sindinganene kuti mantha a anthu adali opanda maziko, pakuti kawerengedwe ka amisonkho sikayika kupambana ndi kutaya pa muyeso umodzi. Zopambana zimalowa zonse pamwamba, m'chiwerengero cha chuma chimene munthu wapeza m'chakacho. Zotayika zimachotsedwa pansi, kwa yekhayo amene wasankha kulemba zochotsera zake chimodzichimodzi, ndipo sizingapose zopambanazo. Mayi wokalamba amene watsiriza chaka ali wotaya, koma ali ndi zikalata za $20,000 m'kabati, amaoneka pamaso pa boma ngati wolemera, ndipo zimenezi zingakweze msonkho wa penshoni yake ndi malipiro ake a inshuwalansi ya zaumoyo ya Medicare. Lamulo la msonkho la 2017 litakweza pafupifupi kawiri chochotsera chopatsidwa kwa aliyense, olemba chimodzichimodzi adachepa, ndipo ambiri adatsala opanda pochotsera zotayika zawo. Nevada ilibe msonkho wakewake pa zimene munthu wapeza, koma zigawo zina, monga Illinois, zimakhometsa zopambana osalola kuchotsa zotayika. Amisonkho adalangiza kuyambira 1977 yomweyo kuti wosewera azisunga buku la tsiku ndi tsiku, lolembamo malo, makina ndi ndalama. Koma ndani amene amapita kokasangalala atanyamula kaundula? Okhawo amene juga ndiyo khasu lawo adapeza mpumulo, bwalo lalikulu litagamula mu 1987, pa mlandu wa Groetzinger, munthu wobetcha pa mpikisano wa agalu, kuti kutchova juga tsiku ndi tsiku pofuna kudya kungawerengedwe ngati ntchito.

Mitengo ya zinthu idakwera, $1,200 ya 1977 idafanana ndi ndalama yoposa $5,000 ya masiku ano, koma mzere sudasunthe. Mu 2015 IRS idafunsa maganizo a anthu pa zoutsitsa kufika pa $600, ndipo bungwe la American Gaming Association pamodzi ndi osewera lidakana kwamtuwagalu, mpaka ganizolo lidafa. Dina Titus, phungu woimira Las Vegas, adayesa kangapo kuukweza kufika pa $5,000, osaphula kanthu. Kusintha kudadza ndi lamulo lalikulu la msonkho losainidwa pa 4 Julaye 2025, limene lidachititsa kuti kuyambira 2026 mzere ukhale pa $2,000, nuzikwera pambuyo pake motsata mitengo ya zinthu. Koma lamulo lomwelo lidati zotayika zizichotsedwa 90 pa 100 iliyonse basi, kotero kuti wopambana $100,000 nataya $100,000 adzakhoma msonkho pa $10,000 imene sadapite nayo kwawo. Straight flush ya pa $5 ndi makadi anayi ofanana a pa $10 zamasuka tsopano, ndipo makina a makobidi 239 atsala opanda chifukwa chokhalira. Pamene royal ya masenti 50 ndi ma ace anayi a Double Double Bonus ya dola, zonse ziwiri zolipira $2,000 yeniyeni, zagwera pamzere penipeni, ndipo m'chaka cha 2026 wantchito adzabwerabe ndi pepala lake.