Kayelekera: Zakudya ndi Chikhalidwe Chimene Alendo Amapeza

Kayelekera ndi dera la m'boma la Karonga, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 52 kuzambwe kwa tauni ya Karonga. Dzinali linatchuka mu 2009 pamene kampani ya ku Australia ya Paladin inatsegula mgodi wa uranium, momwe boma la Malawi lili ndi magawo 15 pa 100 alionse. Mgodiwu unabweretsa mainjiniya ndi akatswiri ena ochokera kunja, omwe ankagona pa kampu ya pamgodi pomwepo. Ntchito inaima mu 2014 mitengo itatsika, ndipo kampani ya Lotus Resources, yomwe inagula mgodiwu mu 2020, inayambiranso kukumba mu 2025.

Mlendo wongodyera pa kampu sangalidziwe boma la Karonga. Nsima ya chimanga ilipo, koma chimene Angonde amanyadira ndi mbalagha, nthochi zosapsa zophikidwa pamodzi ndi nyama, komanso chambiko, mkaka wosasa wa ng'ombe zomwe mabanja ambiri amaweta. Mpunga wonunkhira wa Kilombero, uja apaulendo amanyamula m'matumba popita ku Lilongwe, umalimidwa m'zigwa za kufupi ndi nyanja.

Chichewa chimamveka, komabe akuluakulu a boma opita kukagwira ntchito kumeneko azidziwa kuti anthu amalankhula kwambiri Chingonde ndi Chitumbuka. Mfumu yaikulu ya Angonde ndi Kyungu. Mbiri ya derali imasungidwa ku Cultural and Museum Centre Karonga, yomwe inatsegulidwa mu 2004 ndipo imaonetsa chigoba cha chinyama chakalekale chotchedwa Malawisaurus.