Chizungu chimene chitivuta pa yunivesite chinachokela kuti?

Akulu-akulu akamba kuti dzina la Misisi linachokela ku liu la Chizungu lakuti "Mrs". Malo aya anali a mzimayi wachizungu, anchito ake anali kungokamba kuti tikhala kwa Misisi, ndipo dzina linakakamila mpaka lelo. John Laing, John Howard na George nawonso ni maina a eni malo kapena makampani a nthawi ya atsamunda. Chizungu tili nacho olo pa adilesi yathu. Koma mwana wa kuno akapasa Giledi 12 n'kupeza malo ku UNZA, chimene chiyamba kumufooketsa m'mawiki oyamba nthawi zambili ni chilankhulo chimenechi, chimene wachiphunzila zaka 12.

Amene tinapitako tidziwa mmene zikhalila. Lekichala akamba ola lathunthu osapumula, iwe ukali kufuna tanthauzo la liu limodzi iye wafika kale pa mutu wina. Akupatsa asainimenti ya mapeji 10, akuti uike maganizo ako-ako, pamene ku sekondale unapasa mwa kuloweza manotsi. Mu tutoliyo yankho uli nayo m'mutu, m'Chinyanja, yomveka bwino, koma dzanja ikana kukwela chifukwa uopa kuti ukaphwanya Chizungu anzako a kumayadi azaseka. Chodabwitsa n'chakuti palibe amene achizonda Chizungu. Tichifuna maningi, tidziwa kuti nchito ili kumeneko. Ndipo ise amene tiopa kusekedwa ndise tiyamba kuseka nduna kapena wosewela bola akaphonya galamala pa TV.

Vuto iyi ili na zaka zake, na maina a anthu amene anasankha. Nthawi ya Northern Rhodesia masukulu ambili a anthu akuda anali a amishoni, ndipo mwana anali kuyamba kuwelenga m'chilankhulo cha kwao. Mu 1924 gulu la Phelps-Stokes, pambuyo poyendela masukulu mu Africa, linalimbikitsa zimenezi, ndipo mu 1927 boma la atsamunda linasankha zilankhulo zinayi za kusukulu: Chibemba, Chinyanja, Chitonga na Chilozi. Chizungu chinali kubwela pambuyo, m'makalasi apamwamba, kumene ana ochepa chabe anali kufikako. Tisawatamande kwambili atsamunda pa ichi. Sanali kukonzela ana athu yunivesite. Anali kufuna makalaliki, aphunzitsi na omasulila ochepa. Lusaka itakhala likulu mu 1935, Chinyanja chinamela mizu muno chifukwa chinali chilankhulo cha apolisi na asilikali, komanso cha anthu ambili ochokela kum'mawa na ku Nyasaland.

Zinthu zinatembenuka pafupi na ufulu. Mu 1963 gulu la UNESCO lotsogoleledwa na W. C. Radford wa ku Australia linalangiza kuti Chizungu chiyambe pa tsiku loyamba la sukulu. Mu 1965 boma latsopano linavomela, ba John Mwanakatwe ali nduna ya maphunzilo, ndipo lamulo la maphunzilo la 1966 linatsimikiza: kuchokela Giledi 1 mpaka kumapeto, maphunzilo onse m'Chizungu, Chinyanja kungokhala phunzilo limodzi pa taimutebo.

N'chapafupi kuwaweluza lelo, koma tiyeni tione zimene zinali patsogolo pao. Pa 24 October 1964 dziko lonse linali na anthu akuda pafupifupi 100 chabe okhala na digili. Panafunika madokota, mainjiniya, maloya, mwamsanga. UNZA inatsegula zitseko mu March 1966 na ophunzila 312, ndipo anthu wamba anasonkha zimene anali nazo kuti imangidwe. Mabuku onse a sayansi na malamulo anali m'Chizungu. Ndiponso panali mantha a mitundu. Dziko la mitundu 73, ba Kaunda akufuula One Zambia, One Nation, aphunzitsi akutumizidwa dala kutali na kwao, Mulozi ku Chipata, Mubemba ku Mongu. Chilankhulo chimene sichinali cha mtundu ulionse chinaoneka ngati njila ya mtendele. Tanzania inatenga njila ina, inaika Chiswahili m'mapulaimale. Malawi mu 1968 inakweza Chichewa. Ise tinasankha Chizungu, ndipo mtendele uja tinaupezadi.

Mtengo wake sanaulipile mofanana onse. Ba Simon Kapwepwe, ali wachiwili kwa pulezidenti, anatsutsa poyela mu 1969 kuti njila iyi izalanda ana chikhalidwe chao. Akatswili monga Mubanga Kashoki, amene anafufuza zilankhulo za Zambia kwa zaka zambili, naonso anachenjeza. Mu 1976 chikalata choyamba cha kukonzanso maphunzilo chinakamba kuti Giledi 1 mpaka 4 aziphunzila m'zilankhulo zao. Chikalata chomaliza cha 1977 chinavomela kuti mwana aphunzila bwino m'chilankhulo cha kwao, n'kusiya Chizungu pamalo pake, kungolola mphunzitsi kufotokozako m'Chinyanja pakavuta. Anadziwa, koma anaopa kusintha.

Ndiye ganizilani kalasi ya mu komboni m'ma 1980. Mtengo wa kopa unali utagwa kuyambila pakati pa ma 1970, ndalama za mabuku zinauma, ana anali kuloŵa mosinthana, ena kuseni ena masana. Makomboni monga Chawama na George analandilako chitukuko ca World Bank m'ma 1970, Misisi inasiyidwa, ndipo m'ma 1990 ana ambili a m'makomboni anapeza malo m'masukulu a komyuniti chabe, kwa aphunzitsi odzipeleka amene ambili sanapite ku koleji. Mwana wa zaka 7 amene kunyumba, kumsika na kutchalichi amva Chinyanja chokha, akumana na bolodi yodzala mau amene sadziwa. Achita chiyani? Aimba. Mphunzitsi akamba chiganizo, kalasi yonse ibweleza na mau amodzi, ndipo munthu wopita panja aganiza kuti ana aphunzila. Luso loloweza popanda kumvetsa linabadwila pamenepo, ndipo ndilo tinanyamula mpaka ku Great East Road. Onjezani monita wolemba maina a okamba "vernacular" kuti akalangidwe. Mwana amene analangidwa chifukwa chokamba Chinyanja, n'kusekedwa chifukwa chophwanya Chizungu, anaphunzila kuti chotetezeka ni kukhala chete. Chete wa mu tutoliyo uja ni wakale.

Umboni unabwela m'ma 1990. Katswili wa ku Britain, Eddie Williams, anayesa kuwelenga kwa ana a pulaimale mu Zambia na mu Malawi. Ana a ku Malawi anali kuphunzila m'Chichewa zaka zinayi zoyamba, athu m'Chizungu kuchokela pa chiyambi. Munthu angayembekezele kuti athu apambana kutali pa Chizungu. Sanapambane: pa Chizungu magulu awiliwa anali pafupifupi chimodzimodzi, koma pa kuwelenga chilankhulo cha kwao ana a ku Malawi anatisiya kumbuyo kwambili. Zaka zinayi zoonjezela za Chizungu sizinagule kanthu, ndipo tinatayilapo kuwelenga Chinyanja. Kafukufuku wa SACMEQ wa 1995 anapeza kuti mwa ana a Giledi 6, mmodzi chabe mwa anayi anali kuwelenga pa mlingo wotsikitsitsa wovomelezeka.

Boma linamva. Ndondomeko ya 1996, Educating Our Future, inalola kuti mwana ayambe kuwelenga m'chilankhulo chodziwika, ndipo kuchokela 1999 kunabwela Primary Reading Programme, na New Breakthrough to Literacy mu Giledi 1. Chaka chimodzi chabe, Giledi 2 wabwelela ku Chizungu. Mu January 2014 anapita patali: Giledi 1 mpaka 4 m'zilankhulo za kuno. Chaka chimodzimodzicho Malawi inalengeza kuti iyamba Chizungu kuchokela Sitandade 1. Tinapambanitsana pa Mwami ngati mabasi awili, aliyense kuthamangila kumene mnzake achoka.

Apa ise a mu Lusaka tili na nkhani yathu-yathu imene olemba ndondomeko aiŵala kaŵili-kaŵili. Chinyanja cha m'buku la kusukulu, chija alemba kuti Cinyanja, ni cha kum'mawa, pafupi na Chichewa cha ku Katete na Chadiza. Cha mu Misisi ni china. Buku ikuti madzi, mwana adziwa manzi. Buku ikuti tsopano, iye akuti manje. Buku ikuti ana akulankhula, iye akuti bana bakamba, ndipo m'chiganizo chimodzi aponyamo Chibemba, Chinsenga na Chizungu osaona vuto. Geoffrey Tambulukani wa ku UNZA na Adriana Bus anafufuza ana a mu Zambia n'kupeza kuti amene chilankhulo chao cha masiku onse chili kutali na cha m'buku avutika kuyamba kuwelenga. Mwana wa komboni anauzidwa kuti lomba uphunzila m'chilankhulo chako, n'kupeza kuti nachonso chifunika womasulila. Makolo ambili, poona izi, anayamba kudzimana kuti alipile tumasukulu twa pulaiveti twa zipinda ziwili tolemba "English medium" pa geti. Sitingawanene kuti analakwa. Anaŵelenga bwino kumene mayeso na nchito zili.

Zambili zimene atiseka nazo zili na chifukwa chake. Tisokoneza "he" na "she" chifukwa Chinyanja chili na "iye" mmodzi wa mwamuna na mkazi. "The" na "a" tilibe. Mavawelo athu ni asanu, ndiye "ship" na "sheep" zimveka chimodzi. "I am coming" pamene munthu achoka ni "nibwela" wovala jekete. Izi ni zazing'ono, ndipo palibe amene anafeluka digili chifukwa cha izo. Chimene chifelutsa ni kuwelenga mapeji 40 n'kutulutsamo mfundo zitatu, kutsutsa wolemba buku mwaulemu, kulemba ndime imene itsatila inzake. Luso imeneyo munthu aiphunzila kamodzi, m'chilankhulo chilichonse, n'kuisamutsa. Ambili a ise sitinaiphunzile m'Chinyanja, ndipo m'Chizungu tinangoiloweza. N'chifukwa chake wophunzila wanzelu akopela ndime yonse ya pa intaneti: aona kuti mau ake-ake si oyenela kuima pa pepa.

Kalembela wa 2010 anapeza kuti anthu osakwana 2 pa 100 alionse ndiwo anachula Chizungu monga chilankhulo chimene akamba kwambili. Koma kuti uloŵe UNZA ufunika makilediti asanu a Giledi 12, ndipo Chizungu chifunika kukhalapo. Mwana wa ku Kabulonga apeza pa tebulo ya chakudya chimene wa ku Kalingalinga, kuseli chabe kwa mpanda wa yunivesite, afunika kusakila zaka 12.

Lomba gudumu yazungulukanso. Silabasi yatsopano ya 2023, imene inayamba kugwila nchito mu 2025, yabweza Chizungu kukhala chophunzitsila kuchokela pa chiyambi, zilankhulo zathu zothandizila kufotokoza, pafupifupi mmene zinalili mu 1977. Yabwela pamene makalasi adzala kupitilila, kuchokela pamene sukulu inakhala yaulele mu 2022. Ana amene anayamba Giledi 1 m'Chinyanja mu 2014 anafika Giledi 12 mu 2025. Ndondomeko imene inawaphunzitsa inachotsedwa akalibe kulemba mayeso ao omaliza, palibe olo mmodzi wa iwo amene anali atakhalapo mu lekicha ya chaka choyamba kuti tione ngati dzanja yake ikwela.