Mankhwala Omveka Kuti Aciritsa AIDS: Mmene Coonadi Cidziwikira

Kufikira lero, palibe mankhwala akumwa, a cizungu kapena a zitsamba, amene atsimikiziridwa kuti acotseratu kacirombo ka HIV m'thupi. Ma ARV, amene boma la Zambia linayamba kupereka kwaulere m'caka ca 2005, acepetsa kacirombo m'magazi kotero kuti munthu akhala ndi moyo wautali, koma kacirombo kaculukanso ngati munthu aleka kumwa. Ngakhale n'tero, anthu olengeza kuti apeza mankhwala ociritsa saleka kutulukira.

Zimene zinacitikapo

M'caka ca 2007, muno m'Zambia munamveka mbiri ya mankhwala ochedwa Tetrasil. Akatswiri a boma atawapima, anapeza kuti anali mankhwala oyeretsera madzi a m'maiwe osambiramo, ndipo boma linawaletsa.

M'caka comweco, mtsogoleri wa dziko la Gambia panthawiyo, a Yahya Jammeh, analengeza kuti aciritsa AIDS ndi zitsamba. Odwala anauzidwa kuleka ma ARV, ndipo ena mwa iwo anamwalira. Nthumwi ya bungwe la United Nations imene inakayikira za mankhwalawo inapitikitsidwa m'dzikolo.

Ku South Africa, boma la a Thabo Mbeki linacedwa kugawa ma ARV. Kafukufuku wa sukulu ya Harvard wa m'caka ca 2008 anaonetsa kuti anthu oposa 330,000 anataya miyoyo pakati pa 2000 ndi 2005 kamba ka kucedwaku.

Cifukwa cace umboni wa pakamwa sukwanira

Kacirombo ka HIV kangakhale m'thupi zaka zambiri munthu akuoneka wathanzi. Matenda monga kutsegula m'mimba ndi zilonda za m'kamwa abwera ndi kupita, ndipo wodwala angaganize kuti mankhwala amene wagula ndiwo amuciritsa. Kuonjezera apo, amene acitira umboni pa wailesi kapena pa intaneti ndi amoyo cabe. Amene anamwa mankhwala omwewo namwalira samveka.

Kayesedwe ka mankhwala

Mankhwala atsopano ayamba apimidwa m'nyumba zofufuzira, kuti cidziwike cimene ciri m'kati mwace. Pambuyo pace ayesedwa pa anthu ocepa odzipereka, kuona ngati sabvulaza. Akapambana apo, aperekedwa kwa anthu mazana kapena zikwi, ndipo zotsatira zilinganizidwa ndi za gulu lina limene lilandira thandizo lodziwika kale. Zopezekazo zifalitsidwa kuti akatswiri ena azifufuzenso. Muno m'Zambia, bungwe la Zambia Medicines Regulatory Authority, lokhazikitsidwa ndi lamulo la m'caka ca 2013, ndilo libvomereza mankhwala asanayambe kugulitsidwa.

Kayesedwe aka sikanyoza zitsamba. Mankhwala a malungo a Coartem, opezeka m'zipatala zathu, ali ndi msanganizo wocokera ku artemisinin, amene mai Tu Youyou a ku China ndi anzao anapeza m'citsamba. Mai ameneyu analandira mphoto ya Nobel m'caka ca 2015. Citsambaco cinalandiridwa cifukwa cinapambana pa mayeso.

Mafunso ofunika kufunsa

Kodi mankhwalawa anayesedwa kuti, ndipo pa anthu angati? Kodi ndi olembetsedwa ku boma? Kodi amene awatamanda ndiye awagulitsanso? Mankhwala amodzi onenedwa kuti aciritsa AIDS, khansa, shuga ndi kusabereka pamodzi ayenera kukayikiridwa. Aliyense amene auzidwa kuleka ma ARV ayenera kuyamba waonana ndi dotolo kapena namwino ku cipatala cimene atengako mankhwala ace.