GETA: NKHWAILA ZA MTENGO ZA KU JAPAN

Nkhani yathu ya lero ikuchokera ku Japan, dziko la zilumba, la mvula yambiri ndi mpunga. Kumeneko kuli nkhwaila za mtengo zotchedwa geta, ndipo mbiri yake ikutisonyeza m'mene luso limabadwira pakati pa mavuto a tsiku ndi tsiku.

Akuluakulu anati, walira mvula walira matope. Alimi akale a ku Japan anaona zoona za mau ameneŵa, pakuti m'minda yao ya mpunga munthu ankatitimira. Tsono anayamba kumangirira timatabwa kumapazi kuti asamire. Timatabwa totere tinafukulidwa pa bwinja la mudzi wa Toro, ku Shizuoka, limene linatulukiridwa mu 1943. Anthu ankakhala pamudzipo zaka pafupifupi 2,000 zapitazo.

Kapangidwe ka geta nkosavuta kufotokoza. Pali thabwa lopondapo, lobooledwa patatu. Kunsi kwake kuli timiyendo tiŵiri topingasa, timene eni ake amati mano. Pamwamba pali chingwe chokutidwa ndi nsalu, chodzera pakati pa chala chachikulu ndi chinzake, monga muja tichitira ndi patapata. Manowo amanyamula munthu pamwamba pa thope, motero phazi ndi chovala sizida. Popeza chiboo chakutsogolo chimakhala pakatikati, nkhwaila iliyonse imakwana phazi lamanja ngakhale lamanzere.

M'nyengo ya Edo, kuyambira 1603 kufikira 1868, geta zinafala pakati pa anthu a m'mizinda, ndipo amisiri anapikisana. Anasema zazitali za pamvula, zina anazipaka utoto wonyezimira. Mtengo umene ankaukonda koposa ndi kiri, chifukwa ngwopepuka ndipo sumwa madzi msanga. Mmisiri ankayamba waumitsa zidutswa zake panja kwa miyezi yambiri, atazisanja kuti mphepo izidutsa. Zikauma ankazicheka, kuzisema ndi kuzipala. Nkhwaila zapamwamba ankazidula pa chidutswa chimodzi kuti mizere ya mtengo ifanane kumapazi onse aŵiri. Wogulitsa naye ankamanga chingwe atayamba waona phazi la wogula. Chingwe chikaduka ankaikapo china. Mano opisika akaperepeseka, panali amisiri oyendayenda oikamo atsopano. Chinthu sichinali kutayidwa msanga.

Makina ndiwo anasintha zinthu. Ku Matsunaga, m'dera la Hiroshima, mudzi umene unkatchuka ndi mchere, ntchito ya geta inayamba mu 1878, ndipo pambuyo pake makina anachulukitsa nkhwailazo mpaka wosauka yemwe anatha kugula. Chaka cha 1955 ndicho chinali pachimake. Koma posakhalitsa anthu anazoloŵera zovala za Azungu, nsapato zachikopa ndi za mphira. Misewu inaikidwa phula, thope linachepa, ndipo mafakitale ambiri anatsekedwa. Chimene chinabala geta chitachoka, nazonso zinayamba kusoŵa.

Komabe sizinatheretu. Ku Hita, m'dera la Oita, akusemabe geta za mtengo wa sugi, ndipo ku Aizu akusema za kiri. M'nyengo yotentha anyamata ndi atsikana amazivala popita ku zikondwerero. Pa gule wa ku Gujo, m'dera la Gifu, ovina amaponda pansi pamodzi, phokoso la geta nkukhala ngati ng'oma ina. Ndipo m'masukulu a ku Japan, kabati yosungiramo nsapato pakhomo ikutchedwabe getabako, ndiko kuti bokosi la geta, ngakhale ana amaikamo nsapato zamakono.

Dzina limatha kukhala zaka zambiri mwini wake atapita, koma luso la manja silitero. Limakhala moyo pokhapokha pali wophunzira amene wakhala pansi pafupi ndi mmisiri, ndiponso wogula amene adziŵa kusiyanitsa chosemedwa bwino ndi chongothamangira. Tsogolo la geta lagona pa anthu aŵiri ameneŵa.