Tantra

Tantra ndi dzina la mabuku ndi miyambo ya zipembedzo za Ahindu ndi Abuda imene inafala ku India kuyambira m'zaka za m'ma 500, yophunzitsa kuti thupi la munthu ndi chilengedwe chonse zili ndi mphamvu yaumulungu, imene Ahindu amaitcha Shakti. Wophunzira amalowetsedwa m'mwambowu ndi mphunzitsi, ndipo amabwereza mantra, kutanthauza mawu opatulika, uku akusinkhasinkha pa mandala, chithunzi chozungulira choimira malo a milungu. Chiphunzitsochi chinafika ku Tibet m'zaka za m'ma 700 kudzera mwa mphunzitsi wachibuda Padmasambhava, ndipo mphunzitsi wina wachibuda, Kukai, anabwerera nacho kwawo ku Japan mu 806.